Luso loyendetsa thupi mwa ana a pulayimale: lili pati, ndipo limayezedwa bwanji?

Mwana wa zaka 9 akamaponya mpira, musathamangire kuona kumene mpirawo wakagwera. Yambani mwayang'ana mapazi ake. Ngati akuponya ndi dzanja lamanja n'kutsogoza phazi lamanja lomwelo, kapena sakusuntha phazi n'komwe, ndiye kuti akuponyabe ngati mwana wa zaka 4, ngakhale mpirawo utapita patali chifukwa cha mphamvu za msinkhu wake. Ana otere ndi ambiri m'sukulu za pulayimale kuposa mmene makolo ndi aphunzitsi amaganizira. Vuto lawo silioneka msanga chifukwa mwanayo amayenda, amathamanga ndipo pa nthawi yopuma amakhala pabwalo limodzi ndi anzake.

Luso limene tikunenali ndi kutha kugwiritsa ntchito minofu ikuluikulu ya miyendo, mikono, chiuno ndi msana mogwirizana. N'losiyana ndi luso la zala, lija logwirira pensulo kapena kumanga mabatani. Akatswiri amaligawa patatu. Gulu loyamba ndi la kusuntha thupi: kuthamanga, kulumpha ndi mapazi onse awiri, kudumpha ndi mwendo umodzi, kuyenda chammbali mofulumira, kuthamanga ngati hatchi phazi limodzi likutsogola nthawi zonse, ndi kuponda n'kudumpha mosinthanitsa miyendo. Lachiwiri ndi la kulamulira chinthu, makamaka mpira: kuponya, kuwakha, kumenya ndi phazi, kumenya ndi ndodo, kunjanjitsa pansi ndi dzanja. Lachitatu ndi la kukhazikika: kuima ndi mwendo umodzi, kuyenda pa kathabwa kopapatiza, kutembenuka kapena kuima mwadzidzidzi osagwa. Gulu lachitatuli ndilo limanyamula enawo. Womenya mpira ndi phazi amakhala ataima ndi mwendo umodzi pa nthawi imene akumenyayo, ndipo wothamanga amatera ndi phazi limodzi pa sitepe iliyonse.

Msinkhu wokha sukwanira

Chimene chimasocheretsa anthu n'chakuti maluso oyambirira a khanda amabwera ngati okha. Mu 2006 bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, zosonyeza kuti pafupifupi ana onse athanzi amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Palibe amene amawakhazika pansi n'kuwaphunzitsa kaponyedwe ka mwendo. Ndiye n'zosavuta kuganiza kuti kuwakha ndi kulumpha nakonso kudzabwera kokha mwana akamakula. Sikubwera kokha. Kukhwima kwa ubongo, mitsempha ndi minofu kumangokonza thupi kuti lithe kuphunzira. Pofika zaka 6 kapena 7, thupi la ana ambiri limakhala litakonzeka kuchita ambiri mwa maluso amenewa mokhwima, koma kuti mwana afikedi pamenepo amafunika kubwereza kambirimbiri, kukhala ndi womuonetsa n'kumukonza, ndiponso kulimbikitsidwa kuti asasiye akalephera.

Maluso amabwera motsatana. Kuthamanga kwa hatchi kuja kumayamba msanga, kudumpha ndi mwendo umodzi kangapo motsatizana kumatsatira, ndipo kuponda n'kudumpha mosinthanitsa miyendo kumabwera pomaliza, kawirikawiri pakati pa zaka 5 ndi 7. Kuwakha kumachedwa kukhwima chifukwa wowakha sayendetsa thupi lokha. Ayenera kuona mpira uli m'malere, kudziwiratu kumene ukagwere ndi nthawi imene ufike, kenako n'kufikitsa manja pamalopo mpirawo usanafike.

Mu 1980 wofufuza wina, Vern Seefeldt, anafotokoza za chotchinga chimene chili pakati pa maluso oyambirirawa ndi masewero enieni. Mwana amene sanadziwe kuthamanga, kulumpha, kuponya ndi kuwakha amavutika kulowa m'masewero amene amaphatikiza zonsezi pamodzi, mofulumira, anzake akumulimbirana mpira. Mu 2008 David Stodden ndi anzake anapitiriza ganizo limeneli poonetsa mmene zinthu zimakokerana. Mwana wa zaka 4 kapena 5 amadziona ngati katswiri ngakhale sakutha, ndipo zimenezi zimamuthandiza chifukwa amayesabe. Koma akamafika zaka 7, 8 kapena 9 amayamba kudziyerekeza ndi anzake molondola. Amaona kuti posankhana matimu iye amatsalira kumapeto, amaona kuti anzake samupatsira mpira. Amayamba kuzemba masewero. Akazemba sabwereza, akapanda kubwereza luso silikula, mphamvu za thupi zimatsika, thupi limatha kunenepa, ndipo kusewera kumavutiratu. Kwa mwana waluso zimazungulira mbali inayo. Ku Australia, Lisa Barnett ndi anzake anatsatira ana kuchokera ku pulayimale mpaka atakhala achinyamata, ndipo mu 2009 anafalitsa zoti amene anali aluso pa mpira ali ana ndiwo ankachita zolimbitsa thupi kwambiri atakula. N'chifukwa chake zaka za pulayimale sitiziona mopepuka: ndi pamene ana amapatukana njira.

Mmene amayezera

Pali njira ziwiri zoyezera, ndipo kuzisakaniza kumabweretsa zolakwika zambiri. Ina imayeza zotsatira: walumpha masentimita angati, wathamanga masekondi angati, wawakha kangati pa maulendo 10. Ina imayeza kachitidwe: mikono inapita kuti, mawondo anapindika liti, phazi liti linatsogola. Njira yoyamba ndi yachangu, koma imakondera mwana wamtali ndi wamphamvu, ndipo siuza mphunzitsi choti akonze. Yachiwiri imafuna diso lophunzitsidwa, koma imaloza pamene pali vuto.

Mayeso otchuka kwambiri a kachitidwe ndi Test of Gross Motor Development, mwachidule TGMD, amene Dale Ulrich anatulutsa koyamba ku United States mu 1985. Anawakonzanso mu 2000 n'kukhala TGMD-2, kenako mu 2019 n'kukhala TGMD-3. Ndi a ana a zaka 3 mpaka 10. TGMD-3 ili ndi maluso 13, ndipo 6 ndi a kusuntha thupi pamene 7 ndi a mpira. Luso lililonse laphwanyidwa m'mfundo zitatu, zinayi kapena zisanu zoti woyeza aziyang'ana. Woyeza amayamba wamuonetsa mwanayo, mwanayo amayeserera kamodzi, kenako amachita kawiri kolembedwa. Akakwaniritsa mfundo amapatsidwa 1, akapanda kukwaniritsa amapatsidwa 0, palibe theka. Malikisi onse ndi 100: a kusuntha thupi 46, a mpira 54. Mwana mmodzi amatenga mphindi 15 mpaka 20.

Kuti muone kuzama kwake, tengani kuthamanga, kumene aliyense amaganiza kuti mwana amakudziwa kale. Mwana amathamanga pakati pa zizindikiro ziwiri zotalikirana pafupifupi mamita 15, ndipo woyeza amafuna zinthu zinayi. Mikono izisinthana ndi miyendo, zigongono zitapindika. Pakhale kanthawi kamene mapazi onse awiri ali m'malere. Mapazi azitera pafupi ndi mzere umodzi, ndi chidendene kapena kutsogolo kwa phazi, osati kuphwatika phazi lonse. Ndipo mwendo umene sukuponda upindike kwambiri, chidendene chiyandikire kumatako. Pa kulumpha ndi mapazi awiri amafuna mawondo apindike mikono ili kumbuyo, mikono ikankhidwe mwamphamvu kutsogolo mpaka pamwamba pa mutu, mapazi anyamuke ndi kutera limodzi, ndipo mikono itsike potera. Pa kuwakha, woponya amaima pafupifupi mamita 4 ndi theka, n'kuponya chapansipansi kampira ka masentimita 10 kuti kafike cha pachifuwa. Mwanayo ayenera kuyamba manja ali kutsogolo zigongono zitapindika, atambasule mikono kuchingamira mpirawo, ndipo augwire ndi manja okha, osaupanikiza pachifuwa.

Mwana akakwaniritsa mfundo zonse pa maulendo onse awiri amati walidziwa lusolo. Akaphonya mfundo imodzi yokha amati watsala pang'ono. Malikisi ake amawasandutsa nambala yomuyerekeza ndi ana a msinkhu wake, imene pakati pake ndi 100. Pa TGMD-2, nambala ya 90 mpaka 110 ndi ya pakatikati, 80 mpaka 89 ndi yocheperako, 70 mpaka 79 ndi yotsika, ndipo yosafika 70 ndi yotsikitsitsa.

Apa m'pofunika kusamala. Ana amene amayerekezerapo pa TGMD-2 anali 1,208 a ku United States. Limodzi mwa maluso ake ndi kumenya mpira ndi ndodo yogwira manja awiri monga amachitira m'masewero a baseball. Mwana amene sanaonepo masewero amenewa angapeze malikisi ochepa pa luso limenelo popanda vuto lililonse m'thupi mwake. Vuto lina lili kumapeto kwa msinkhu: ana aluso a zaka 9 ndi 10 amakwaniritsa mfundo zonse, ndiye mayesowo amalephera kuwasiyanitsa. Ndipo msinkhu uziwerengedwa m'zaka ndi miyezi, osati potengera kalasi, chifukwa m'kalasi imodzi mumakhala ana osiyana miyezi 11 kapena kuposerapo, ndipo kwa mwana wa zaka 6 miyezi imeneyi ndi yambiri.

Zolakwika zina zimachokera kwa woyezayo. Kuponya kumatha m'kuphethira kwa diso, ndipo munthu sangaone chiuno, phazi ndi mkono pa nthawi imodzi. Njira yodalirika ndi kujambula vidiyo kuchokera m'mbali, thupi lonse likuoneka, n'kuionera pang'onopang'ono. Anthu awiri apereke malikisi payekhapayekha pa ana angapo, kenako ayerekeze. Akamasiyana kawirikawiri, abwererenso ku tanthauzo la mfundo iliyonse asanapitirize. Pansi poterera, nsapato zazikulu, kutopa ndi gulu la anzake oonerera zonse zimatsitsa malikisi. Woyeza asamuuzenso mwana zoti akonze mayeso ali mkati, chifukwa akatero akuyeza kumvera kwa mwanayo, osati luso lake.

Mayeso ena amayang'ana mbali ina. A KTK, amene Ernst Kiphard ndi Friedhelm Schilling anatulutsa ku Germany mu 1974, ndi a ana a zaka 5 mpaka 14 ndipo alibe mpira. Mwana amayenda chafutambuyo pa matabwa atatu otalika mamita 3, okula masentimita 6, 4.5 ndi 3 m'lifupi. Amadumpha ndi mwendo umodzi kudutsa mulu wa masiponji okhuthala masentimita 5 iliyonse, mulu ukukwezedwa. Amalumpha uku ndi uku mapazi ali pamodzi kwa masekondi 15. Pomaliza amasuntha chammbali kwa masekondi 20 pogwiritsa ntchito timatabwa tiwiri, kuponda kena n'kusuntha kanzake ndi manja. Ubwino wake ndi woti sadalira kwambiri masewero amene mwana anazolowera. A Movement ABC-2, a mu 2007, ndi a zaka 3 mpaka 16, ali ndi zochita 8 pa gulu lililonse la msinkhu, ndipo amagwiritsidwa ntchito kwambiri pofufuza ana amene ali ndi vuto lenileni. Mwana amene ali m'gulu la ana 5 otsikitsitsa pa 100 alionse amatengedwa kuti ali ndi vuto lalikulu, ndipo amene ali pamwamba pawo pang'ono, mpaka pa 15, amafunika kuwayang'anira.

Zimene ofufuza apeza

Mu 2021 Lisa Bolger ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za TGMD-2 za ana oposa 21,000 a m'mayiko 25. Anapeza kuti ana a zaka 3 mpaka 5 anali pa mlingo wa pakatikati, koma a zaka 6 mpaka 10 anali pansi pa mlingowo. Izi sizikutanthauza kuti mwana wa zaka 9 amachepa luso kuposa wa zaka 5. Malikisi amakwera ndithu ndi msinkhu, koma amakwera pang'onopang'ono kuposa mmene amayembekezeredwa, moti mpata pakati pa pamene ana ali ndi pamene anayenera kukhala umakula m'zaka za pulayimale zomwezo. Kumene mpata umenewu umakathera kunaoneka ku Ireland, kumene kafukufuku wa mu 2016 wa ana a zaka 12 ndi 13 anapeza kuti 11 okha pa 100 alionse ndiwo anadziwa, kapena anatsala pang'ono kudziwa, maluso onse 9 amene anayezedwa.

M'mayiko ambiri maluso a kusuntha thupi amakhala pamwamba kuposa a mpira. Anyamata amaposa atsikana pa mpira, makamaka pa kuponya, ndipo Jerry Thomas ndi Karen French anasonyeza kale mu 1985 kuti kusiyana kwa pa kuponya n'kwakukulu kuposa kwa pa maluso ena. Pa kusuntha thupi ndi kukhazikika, atsikana amafanana ndi anyamata ndipo nthawi zina amawaposa. Asanathe msinkhu, anyamata ndi atsikana sasiyana kwenikweni kutalika, kulemera kapena kuchuluka kwa minofu, choncho gawo lalikulu la kusiyanaku likuchokera pa amene amapatsidwa mpira, amene amatenga pakati pa bwalo, ndi amene akulu amamuyamikira akaponya. Mtsikana wophunzitsidwa bwino kuponya amaphunzira. Mphunzitsi amene amati "atsikana saponya" amakhala akuwamana maulendo amene akanawasintha.

Ana onenepa kwambiri amavutika makamaka pa maluso onyamula thupi, monga kudumpha ndi mwendo umodzi ndi kulumpha. Obadwa masiku asanakwane, operewera zakudya m'thupi, ochepa magazi ndi odwaladwala nawonso amatsalira kawirikawiri. Kusowa malo osewerera, kukhala nthawi yaitali pa TV kapena pa foni, ndi kusandutsa phunziro la masewero kukhala nthawi yomalizira masamu, zonsezi zimadya maulendo amene mwana akanabwereza.

Zimene zimalakwika, ndi chifukwa chake

Kuponya ndiko kumaphunzitsa zambiri. Mphamvu ya woponya waluso sichokera m'mkono. Imayambira pansi: amaima chammbali, mbali yosaponyera italoza kumene mpira ukupita, dzanja limatsika n'kupita kumbuyo, amaponda patsogolo ndi phazi la mbali inayo, chiuno chimatembenuka choyamba, mapewa amatsatira, mkono umabwera pomaliza ngati chikwapu, n'kukathera cha ku chiuno cha mbali ina. Mwana wongoyamba amayang'ana kutsogolo thupi lonse, chigongono chili patsogolo, n'kukankha mpira ndi mkono wokha. Kenako amayamba kuponda, koma ndi phazi la mbali yomwe akuponyerayo. Apa m'pamene ana ambiri amakanirira. Phazi limenelo likatsogola, chiuno chimakhala chitatembenuka kale, ndiye palibenso chozungulira, ndipo mphamvu yonse imatsalira ku phewa.

Pokonza, lembani mzere pansi ndipo mangani kansalu pa phazi loyenera kutsogola, mwanayo aziponda nalo kudutsa mzerewo. Mawu akhale atatu okha: mbali, ponda, ponya. Chinthu chimene ambiri sachidziwa n'choti chandamale chaching'ono chimawononga kaponyedwe. Mukamuuza mwana kuti alase kabotolo, amaopa kuphonya, amaima njo n'kukankha mpira ndi mkono. Mupatseni khoma lalikulu pa mtunda wa mamita 6 ndipo mumuuze kuti aponye mwamphamvu mpaka khomalo limveke. Mphamvu ndiyo imaitana phazi ndi chiuno. Kulasa kubwere kachitidwe katakhazikika.

Pa kuwakha, mdani wamkulu ndi mantha. Mwana amene anamenyedwapo ndi mpira wolimba kumaso amatembenuza mutu, amatsinzina, n'kutambasula mikono youma gwa. Kumukalipira kuti ayang'ane mpira sikuchotsa manthawo. Yambani ndi chibaluni kapena kansalu kopepuka kamene kamatsika pang'onopang'ono, kenako mpira wofewa, mukuponya chapansipansi muli pafupi, n'kumatalikira sitepe imodzi akawakha kangapo motsatizana. Mpira waukulu kwambiri nawo uli ndi vuto lake: umazoloweza mwana kuukumbatira pachifuwa. Akasiya kuopa, mupatseni wocheperako woti zala zigwire. Mpira ukamabwera pamwamba pa chifuwa zala ziloze kumwamba, zala zazikulu zitayandikana; ukamabwera m'munsi zala ziloze pansi. Akaugwira, zigongono zipindike kubweretsa mpira chakuthupi kuti usanjanje m'manja.

Wolumpha amene sagwiritsa ntchito mikono amataya mtunda, ndipo wotera mawondo ali owongoka amapweteka mafupa n'kugwera kutsogolo. Muuzeni atere mosamveka phokoso, mawondo adzapindika okha. Wodumpha ndi mwendo umodzi akamaika mwendo winawo patsogolo utauma, ndiye kuti akulimbana ndi kugwa. Waluso phazi lake limakhala kumbuyo ndipo ntchafu imagwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo kumuthandiza kunyamuka. Mwana wotere amafunika kuima ndi mwendo umodzi kaye, miyendo yonse mosinthana, asanakakamizidwe kudumpha mtunda. Pa kumenya ndi phazi, cholakwika chofala ndi kuima kumbuyo kwa mpira n'kuubaya ndi zala. Phazi loponda liyenera kutera pambali pa mpira, pambuyo pa sitepe yotalikirapo, ndipo mpira umenyedwe ndi pamwamba kapena mkati mwa phazi.

Phunziro limene limasinthadi luso

Mu 2012 Samuel Logan ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti ana amene anaphunzitsidwa mwadongosolo luso lawo linakwera, pamene m'magulu oyerekezera, amene ankangosewera mwaufulu, kusinthako sikunaoneke kwenikweni. Kusewera mwaufulu n'kofunika, ndipo mwana asamanidwe. Koma pa nthawi yopuma mwana amasankha chimene amachitha kale, ndipo amene satha kuwakha sapita kumene kuli mpira.

Nkhani yagona pa kuchuluka kwa maulendo. Tiyerekeze phunziro la mphindi 30, ana 40, mpira umodzi, onse ali pamzere. Ulendo uliwonse ukamatenga masekondi 15, maulendo onse ndi 120, ndiye kuti mwana aliyense wagwira mpira katatu. Ana omwewo akakhala awiriawiri ndi mipira 20, n'kumaponyerana pa masekondi 6 alionse, m'mphindi 10 zokha aliyense waponya ka 50 ndipo wawakha ka 50. Mipirayo sikuti ikhale yogula yonse: timatumba ta nsalu tothiramo mchenga pang'ono ndi mipira yokulunga mapepala zimagwira ntchito, ndipo kwa ongoyamba n'zabwinoko chifukwa sizigubuduzika kutali. Zida zikachepa, gawani bwalo m'malo anayi kapena asanu, pena kulumpha, pena kuponya, pena kuyenda pamzere, magulu n'kumasinthana pakatha mphindi 5 kapena 6.

Poonetsa luso, chitani lonse kamodzi pa liwiro lake, kenako pang'onopang'ono, ana akukuonani kuchokera m'mbali. Konzani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo chitchuleni: "wapondera phazi loyenera" kumathandiza kuposa "wachita bwino". Karl Newell anafotokoza mu 1986 kuti kayendedwe ka thupi kamachokera pa zinthu zitatu zokumana, zomwe ndi mwanayo, ntchito imene wapatsidwa, ndi malo amene ali. Thupi la mwana simungalisinthe lero, koma mtunda, kukula kwa mpira, liwiro ndi malamulo a masewero mungazisinthe nthawi yomweyo. Mwana akamalephera pafupifupi ulendo uliwonse, ntchitoyo yamukulira, ichepetseni. Akamatha ulendo uliwonse osaganizira n'komwe, ionjezereni.

Masewero otulutsana, amene wolakwa amakakhala pansi, amachotsa poyamba mwana amene amafunika kubwereza kwambiri. Wolakwayo apatsidwe kantchito kachidule n'kubwereranso. Kusankhitsa matimu kwa ana awiri aluso, ena onse ataima kudikira kutchulidwa, kumaphunzitsa wotsalayo kudana ndi bwalo. Chimodzimodzinso kupereka kuthamanga ngati chilango. Malangizo a World Health Organization a mu 2020 amati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi zofulumizitsa mtima kwa mphindi 60 pa tsiku mukagawa pa mlungu wonse, ndipo masiku osachepera atatu pa mlungu pakhale zamphamvu ndi zolimbitsa minofu ndi mafupa. Bungwe la aphunzitsi a masewero ndi zaumoyo ku United States la SHAPE America limalimbikitsa mphindi 150 za phunziro la masewero pa mlungu ku pulayimale. Mphindi zimenezi n'zofunika, koma mphindi 60 zongothamangitsana siziphunzitsa kuwakha.

Pamene pakufunika achipatala

Ana ambiri otsalira amangosowa mpata, ndipo akaupeza amasintha m'milungu ingapo. Koma pafupifupi ana 5 kapena 6 pa 100 alionse a msinkhu wa sukulu ali ndi vuto lotchedwa Developmental Coordination Disorder, mwachidule DCD, ndiye kuti m'kalasi ya ana 40 mungapezeke awiri. Nzeru zawo zili bwino, minofu yawo si yopuwala, koma ubongo umavutika kukonza ndi kugwirizanitsa kayendedwe. Amapunthwa kawirikawiri, amagwetsa zinthu, amachedwa kuvala ndi kumanga zingwe za nsapato, kulemba kumawatopetsa, kupalasa njinga kumawatengera nthawi yaitali. Amapezeka kwambiri mwa anyamata, ndipo ambiri amakhalanso ndi vuto la kusakhazikika maganizo. Ana amenewa amatchedwa aulesi kapena osasamala pamene akuyesetsa kuposa anzawo. Madokotala sakonda kugamula za DCD mwana asanafike zaka 5, ndipo amayamba aonetsetsa kuti vutolo silikuchokera ku maso, ku matenda ena a mitsempha kapena kusowa mpata wophunzira. Chithandizo chimene chimaoneka kuti chikugwira ntchito ndi kuphunzitsa ntchito yeniyeniyo imene mwana akuifuna, moiphwanya m'tizigawo, mothandizidwa ndi akatswiri a mafizo.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira. Mwana amene akutaya luso limene anali nalo, monga amene ankakwera masitepe bwinobwino koma tsopano akulephera, apite kuchipatala msanga. Chimodzimodzinso amene mbali imodzi ya thupi ndi yofooka kapena youma kuposa inzake, amene akutsimphina kapena kumva ululu m'chiuno kapena m'bondo, amene amayenda monyang'ama nthawi zonse chidendene osafika pansi, ndi amene wayamba kudzandira, makamaka ngati mutu ukumupweteka kapena akusanza. Mnyamata amene podzuka pansi amagwira mawondo ndi ntchafu zake n'kumadzikankha ndi manja, akatumba a miyendo yake ali akuluakulu koma akugwaigwa, afufuzidwe ngati ali ndi matenda a minofu a Duchenne, amene amagwira pafupifupi mwana wamwamuna mmodzi pa 3,500 mpaka 5,000 obadwa. Ndipo mwana amene amathamanga ndi kulumpha bwino koma amaphonya mpira nthawi zonse ayezedwe maso asanaweruzidwe kuti alibe luso.

Popita kuchipatala, kholo litenge tividiyo tachidule ta mwanayo akuthamanga, akudzuka pansi, akuima ndi mwendo umodzi ndi akuwakha, chifukwa m'chipinda chopimira mwana wamanyazi sachita mmene amachitira pabwalo. Litengenso kalata ya aphunzitsi yotchula zenizeni zimene mwanayo akulephera ndi nthawi imene zinayamba kuoneka, ndipo likumbukire ngati anabadwa masiku atakwana, kulemera kwake pobadwa, ndi miyezi imene anayambira kukhala, kukwawa ndi kuyenda.